FAYILO IKASOWA, TISATHAMANGE

Mau amene analankhulidwa kwa ophunzira a sukulu ya akuluakulu ku Malowera, m'boma la Marávia

Tikudziwa kuti ambiri mwasiya makasu kumunda kuti mudzamve mau awa. Tsono sititaya nthawi yanu.

Lero tikamba za kompyuta. Wina angafunse kuti, "Ine ndine mlimi, kompyuta ndili nayo chiyani?" Funso limeneli ndi labwino. Koma tidziwe kuti maina athu ali kale m'makompyuta. Mwana akalembetsa mayeso, dzina lake limalowa m'kompyuta. Tikafuna chitupa cha BI, dzina lathu limalowa m'kompyuta. Tikatenga feteleza wa ngongole kapena tikagulitsa fodya ndi thonje, makilogalamu athu amalembedwa m'kompyuta. Zolembedwazo zikasowa, amene amalira ndife.

ZIMENE ZINATIONEKERA

Ife tili ndi bungwe la alimi. Mlembi wathu analemba kaundula wa bungwe. M'kaundulamo munali maina a mamembala, matumba a feteleza amene aliyense anakongola, ndi ndalama zimene aliyense anabweza. Anataipa zonsezi pa kompyuta ya patebulo, nazisunga pa fulashi. Tsiku lina anapita ku Fingoè kukasindikiza makalata ena pa sitolo. Atabwerera analowetsa fulashi ija m'kompyuta. Mafoda anaoneka achilendo. Kaundula sanaoneke.

Mbiri inafala m'mudzi msanga. Ena anayamba kunong'ona kuti mlembi wadya ndalama, ndipo wafufuta dala kaundula. Mayi wina wamasiye, amene anali atabweza ngongole yake yonse, anasowa tulo, pakuti analibe umboni. Mnyamata wina anati, "Ipatseni kuno ndiifomate, ikhala bwino." Mwamwayi panali mphunzitsi amene anati, "Iai, tayambani mwaima."

Mau amenewo ndiwo anapulumutsa kaundula wathu, napulumutsanso dzina la mlembi. Tifotokoza m'mene zinathera. Koma poyamba timvetse mau awiri.

FAYILO NDI FODA

Fayilo ndi chinthu chimodzi chosungidwa m'kompyuta: kalata imodzi, chithunzi chimodzi, nyimbo imodzi. Foda ndi mosungiramo mafayilo. Tinganene kuti kompyuta ndi nkhokwe, foda ndi dengu, fayilo ndi chimanga cha m'dengumo. Fulashi ndi kathumba kotengera chimangacho paulendo.

Kuno tili pafupi ndi malire a Zambia. Chotero makompyuta ena amene timawaona amalankhula Chipwitikizi, ena Chingerezi. Pa Chipwitikizi fayilo ndi "ficheiro", foda ndi "pasta". Pa Chingerezi ndi "file" ndi "folder". M'nkhani ino titchula mau a zilankhulo zonse ziwiri, monga amaonekera pa makompyuta a Windows, amene ndiwo ochuluka.

Pali chinthu china chofunika. Kompyuta nayo ili ndi kaundula wake. M'menemo imalemba dzina la fayilo iliyonse ndi malo amene yaikidwa. Kawirikawiri fayilo ikasowa, chimene chalakwika ndi kaundula ameneyu. Chimanga chikadali m'nkhokwe, koma kompyuta yasokoneza pamene inachiika. Nchifukwa chake tikuti fayilo yosowa nthawi zambiri imakhala isanafe.

MALAMULO ATATU

Vuto likaoneka, tikumbukire malamulo atatu.

Loyamba: imani. Musadine paliponse. Musasunge chinthu china chatsopano pa fulashi kapena pa disiki imene yavutayo. Chatsopanocho chingathe kukhala pamwamba pa chakale ndi kuchiphimbiratu.

Lachiwiri: werengani. Kawirikawiri kompyuta siichita chinthu chachikulu isanafunse. Imatulutsa kabokosi ka mau pa sikirini. Munthu wosawerenga amangodina kuti kabokosiko kachoke. Umo ndimo zinthu zimatayikira. Ngati mau ake ndi ovuta, akopereni papepala, chilembo ndi chilembo.

Lachitatu: funsani. Tengani pepalalo mukaonetse mphunzitsi kapena wina wodziwa. Makolo anati safunsa anadya phula.

Pali liu limodzi limene tonse tiyenera kulizindikira, ngakhale ife amene tangoyamba kumene kuwerenga. Liulo ndi "Formatar", kapena "Format". Kufomata ndiko kusesa nkhokwe yonse kuti ikhale yopanda kanthu. Nthawi zina mukalowetsa fulashi, kompyuta imanena kuti muyenera kuifomata musanaigwiritse ntchito. Ngati pa fulashipo pali zinthu zanu, musavomere. Dinani "Cancelar", kapena "Cancel". Kenaka kaiyeseni pa khomo lina la kompyutayo, kapena pa kompyuta ina.

VUTO LOYAMBA: MAFODA ABISIDWA

Ili ndilo linatigwera ife. Limabwera ndi kachilombo ka kompyuta, kamene ena amati vayirasi. Si kachilombo kamoyo iai. Ndi pulogalamu yoipa yolembedwa ndi anthu. Imadzikopera kuchoka m'kompyuta kulowa pa fulashi, ndi kuchoka pa fulashi kulowa m'kompyuta ina. Kompyuta ya pa sitolo yosindikizira imalandira mafulashi ambiri tsiku lililonse, choncho imatenga kachilombo mosavuta, mwini wake osadziwa.

Kachilomboka kamabisa mafoda enieni. M'malo mwake kamaika zithunzi zabodza zokhala ndi maina omwewo. Zabodzazi amazitcha "atalho", kapena "shortcut". Tingazizindikire bwanji? Zili ndi kamuvi kakang'ono pansi, kumanzere kwa chithunzi. Mukaona kamuvi pa foda ya pa fulashi yanu, musadinepo. Mukadina, mwatsegulira kachilombo khomo. Nthawi zina foda imatsegukadi, koma kachilombo kalowa kale m'kompyuta. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mphunzitsi uja anachita zinthu zinayi. Tiyeni tizitsate.

1. Anayesa kulemera kwa thumba. Anadina dzina la fulashi ndi batani lakumanja la mausi, nasankha "Propriedades", kapena "Properties". Pamenepo kompyuta imaonetsa malo amene agwiritsidwa ntchito. Fulashi yathu inaoneka kuti ili ndi katundu monga kale. Iye anati, "Thumba likulemera. Chimanga chilimo."

2. Anasaka kachilombo. Makompyuta a Windows 10 ndi Windows 11 amabwera ndi mlonda wake wotchedwa Microsoft Defender. Anauza mlondayo kuti afufuze fulashi ndi kompyuta yonse, ndipo zoipa zimene zinapezeka anazichotsa.

3. Anavundukula mafoda. Poyamba anaona chilembo chimene kompyuta yapatsa fulashi. Yathu inali E. Anatsegula pulogalamu yotchedwa cmd, ya sikirini yakuda, nalembamo mzere uwu:

attrib -h -r -s /s /d E:\*.*

Atatero anadina batani la Enter. Mzerewu umauza kompyuta kuti ichotse chophimba pa mafayilo ndi mafoda onse a pa fulashi. Ngati fulashi yanu ili ndi chilembo F kapena G, lembani chimenecho m'malo mwa E. Samalani mipata ya pakati pa zilembo. Chilembo chimodzi chikalakwika, kompyuta siimva.

4. Mafoda enieni ataoneka, anafufuta zabodza zokhala ndi kamuvi zija, nakopera kaundula malo ena nthawi yomweyo.

Kaundula anapezeka wathunthu. Dzina la mayi wamasiye uja linalimo, ndi ndalama zake zonse zimene anabweza. Tsiku la msonkhano mlembi anawerenga maina onse pamaso pa anthu, ndipo amene ananong'ona aja anapepesa.

Tisaganize kuti vutoli ndi la ife a kumudzi tokha. M'chaka cha 2008 kachilombo koyenda pa fulashi kanalowa m'makompyuta a asilikali a dziko la America, mpaka akuluakulu awo analetsa mafulashi kwa nthawi. Ngati kanalowa kumeneko, kangalephere bwanji kulowa kwa ife?

VUTO LACHIWIRI: FAYILO YASOCHERA KAPENA YAFUFUTIDWA

Dzanja lozolowera khasu limalemera pa mausi. Nthawi zina munthu amakoka fayilo osadziwa, naigwetsera m'foda ina. Ngati mwazindikira nthawi yomweyo, gwirani batani la Ctrl ndi kudina Z. Kompyuta ibweza chimene mwangochita kumene.

Ngati papita nthawi, sakani. Pamwamba pa zenera la mafoda pali kabokosi kokhala ndi chithunzi cha kagalasi. Lembanimo dzina la fayilo, kapena liu limodzi lokha la dzinalo. Kompyuta iyang'ana m'dengu limene mwatsegula ndi m'madengu onse a m'kati mwake.

Ngati siikupezeka, yang'anani ku dzala. Kompyuta ili ndi dzala lake lotchedwa "Reciclagem", "Lixeira" kapena "Recycle Bin". Fayilo yofufutidwa m'kompyuta imayamba yakhala kumeneko. Ipezeni, dinani ndi batani lakumanja, musankhe "Restaurar", kapena "Restore". Ibwerera pamalo pake.

Koma tichenjere. Fayilo yofufutidwa pa fulashi siipita ku dzala. Imangosowa. Ngakhale zili choncho, kawirikawiri kompyuta imangofufuta dzina m'kaundula wake, chimanga n'kutsala. Alipo mapulogalamu aulere, monga Recuva ndi PhotoRec, amene amatha kutola zotsalazo. Zulani fulashiyo, muisunge, mupite nayo kwa wodziwa. Musaikepo nyimbo kapena chithunzi ngakhale chimodzi. Zimene zatoledwa zisungidwe pa disiki ina, osati pa fulashi yomweyo.

VUTO LACHITATU: DZINA LA FAYILO

Dzina la fayilo lili ndi mbali ziwiri, monga munthu ali ndi dzina lake ndi mfunda wake. Mfunda wa fayilo ndi zilembo zitatu kapena zinayi zobwera pambuyo pa kadontho. Kalata yolembedwa ndi Word imathera ndi .docx. Kaundula wa manambala wa Excel amathera ndi .xlsx. Chithunzi chimathera ndi .jpg. Kalata yokonzeka kusindikizidwa imathera ndi .pdf. Kompyuta imayang'ana mfunda kuti idziwe pulogalamu yotsegulira fayiloyo.

Munthu akamasintha dzina n'kufufuta mfunda, chithunzi cha fayilo chimasanduka choyera, ndipo fayilo siitseguka. Mankhwala ake ndi apafupi. Bwezerani mfunda umene unalipo, fayilo itseguka.

Nthawi zina kompyuta imakana dzina limene tikufuna kupereka. Pali zizindikiro 9 zimene Windows salola m'dzina la fayilo kapena foda. Ndi izi:

\ / : * ? " < > |

Ambiri timagwa pa tsiku. Tinazolowera kulemba 12/05/2024. Kompyuta ikana chifukwa cha timizere topendekera. Lembani 12-05-2024, ndipo ivomera.

Maina akhale aafupi ndi omveka. Dzina lakuti "kaundula-feteleza-2024" ndi labwino. Dzina lakuti "chatsopano" kapena "chomaliza" silithandiza, chifukwa chaka chamawa kudzakhalanso chatsopano china.

Palinso nthawi imene fayilo imakana kusunthidwa, kusinthidwa dzina kapena kufufutidwa. Kompyuta imati fayiloyo ndi yotsegula kwina. Sitingasunthe mphasa munthu atakhalapo. Tsekani pulogalamu imene yatsegula fayiloyo. Zikakanika, thimitsani kompyuta mwa njira yake, muiyatsenso.

VUTO LACHINAYI: MAGETSI NDI KUZULA FULASHI

Kompyuta ya patebulo ilibe batire monga ya m'manja. Magetsi akathima, kapena jenereta ikatha mafuta, imathima pomwepo. Ngati inali pakati polemba, fayilo imaduka pakati, ndipo mawa ikana kutseguka. Chimodzimodzi tikazula fulashi kompyuta isanamalize kulemba.

Tingapewe bwanji? Potaipa, gwirani Ctrl ndi kudina S kawirikawiri. Kumeneko ndiko kusunga. Pozula fulashi, yambani mwapempha. Dinani dzina lake ndi batani lakumanja, musankhe "Ejetar", kapena "Eject". Dikirani kompyuta inene kuti mungathe kuzula. Bungwe limene lili ndi ndalama pang'ono ligule kabokosi ka batire kotchedwa UPS. Kamapatsa kompyuta mphindi zochepa zoti tisunge ntchito ndi kuthimitsa bwino.

Ngati magetsi athima muli pakati pa kalata, tsegulaninso Word magetsi akabwera. Word amadzisungira ntchito mphindi 10 zilizonse, ngati wina sanasinthe. Kumanzere kwa sikirini kungaoneke kalata yopulumutsidwa. Itseguleni, muisunge nthawi yomweyo.

Ngati foda ikukana kutseguka, ndipo kompyuta ikuti yaonongeka, yambani mwakopera kwina zonse zimene zikutheka kukopedwa. Mukatero, tsegulani "Propriedades" ya disikiyo, mupite pa "Ferramentas", kapena "Tools", mudine "Verificar", kapena "Check". Kompyuta iwerenga kaundula wake ndi kukonza molakwika. Ntchito imeneyi imatenga nthawi. Musaidule pakati. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma mukamva bokosi la kompyuta likugogoda m'kati mobwerezabwereza, kapena mafayilo akuonongeka tsiku ndi tsiku, disiki yakalamba. Pamenepo palibe mzere wolemba umene ungachiritse. Koperani zanu msanga, muitane mmisiri.

Fumbi ndi kutentha nazonso ndi adani. Tonse tikudziwa dzuwa la mwezi wa Okutobala kuno ku Marávia. Bokosi la kompyuta lisakhale pansi pa dothi. Likhale pamalo opita mphepo. Mukathimitsa, lifunditseni chitenje. Likamagwira ntchito, chotsani chitenjecho kuti lipume.

Tidziwenso kuti makompyuta ambiri amene amafika kuno ndi ogwiritsidwa kale ntchito. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo chisamaliro cha masiku onse cha Windows 10 chinatha mu Okutobala 2025. Kompyuta yotere imagwirabe ntchito, koma mpanda wake sukonzedwanso monga kale. Pa kompyuta yotere tiyenera kusamala koposa ndi mafulashi achilendo.

MBEWU SITISUNGA MALO AMODZI

Zonse tanenazi ndi mankhwala. Koma mankhwala ena amalephera. Fulashi imatayika m'basi. Imachapidwa pamodzi ndi buluku. Kompyuta imabedwa, kapena imapsa ndi mphezi.

Mlimi wanzeru sasunga mbewu yake yonse malo amodzi. Ina amapachika kukhitchini pa utsi, ina amatsekera m'chigubu, ina amasungitsa kwa mbale. Anankafumbwe akalowa kwina, kwina kumatsala. Tichite chimodzimodzi ndi mafayilo ofunika. Akatswiri a makompyuta amalangiza kuti fayilo yofunika ikhale malo atatu, ndipo amodzi mwa malowo akhale kunja kwa nyumba imene muli kompyuta.

Bungwe lathu linapangana motere. Kaundula amakhala m'kompyuta. Kope lachiwiri limakhala pa fulashi imene amasunga msungichuma kunyumba kwake. Fulashi imeneyi siipita ku sitolo, siilowa nyimbo, siibwerekedwa. Tili ndi fulashi ina ya paulendo, imene imanyamula kalata yokasindikiza yokha. Ikabwerako, mlonda wa m'kompyuta amayamba waifufuza. Kope lachitatu ndi pepala. Mwezi ukatha timasindikiza kaundula, wapampando amasaina, ndipo timasunga m'chitini chotseka bwino, kuopa chiswe ndi makoswe. Kuonjezera apo, aliyense wobweza ngongole amalandira kalisiti, ndipo amakawerenga yekha asanachoke.

MAU OTSIRIZA

Amayi ndi abambo, pamene dziko lathu la Mozambique linalandira ufulu m'chaka cha 1975, anthu oposa 90 mwa 100 alionse sanali kudziwa kuwerenga ndi kulemba. Makolo athu ambiri ankadinda chala pa pepala limene sanaliwerenge. Lero pepala lija lasanduka sikirini, ndipo chala chija chimadina mausi. Ngozi yake ndi yomweyo: kuvomera chinthu chimene sitinachiwerenge.

Si tonse amene tidzataipa pa kompyuta. Koma tonse tingathe kuima pambali pa mlembi wathu kapena mwana wathu, ndi kufunsa kuti, "Kodi kabokosiko kakuti chiyani? Kodi kope lina lili kuti?" Tonse tingathe kuzindikira liu lija lakuti "Formatar" ndi kunena kuti, "Tayambani mwaima."

Fayilo ikasowa, tisathamangire kufomata, ndipo tisathamangire kuloza mnzathu chala. Tiime, tiwerenge, tifunse.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi fayilo ndi foda zikusiyana bwanji?
2. Kodi malamulo atatu aja ndi ati?
3. Kodi foda yabodza tingaizindikire ndi chiyani?
4. Chifukwa chiyani sitiyenera kuika zatsopano pa fulashi imene yataya mafayilo?
5. Kodi kaundula wa bungwe lanu, wa mpingo wanu kapena wa mudzi wanu akusungidwa malo angati? Amasunga ndani?

NTCHITO YOLEMBA

Koperani mau awa m'kope lanu, ndipo pambali pa liu lililonse mulembe tanthauzo lake m'Chichewa: Formatar, Cancelar, Restaurar, Ejetar.

Lembani tsiku la lero monga mungalilembere m'dzina la fayilo.